Greenhouse yotchipa ndi ndiwo ya mphepo

Abale anga amene muli kuno ku Scotland ndipo mwasowa nkhwani mpaka mukuganiza zogula greenhouse (kanyumba ka magalasi kapena pulasitiki kolimamo mbewu), maganizo anga ndi awa: musanafunse mtengo, funsani kaye kuti pansi imangiriridwa bwanji.

Ine ndinaphunzira nditaluza. Ndinagula kotchipa pa intaneti, ka timapaipi topyapyala ndi pulasitiki yobiriwira yotseka ndi zipi, n'kukakhomera ndi tizikhomo tinayi ta m'katoni momwemo. Pa 24 Januwale 2025 kunabwera namondwe wotchedwa Storm Éowyn, amene mphepo yake inafika liwiro la 100 mph ku Drumalbin, kuno ku Scotland. Kutacha ndinapeza pulasitiki itakola pa mpanda wa aneba, timiphika tofesera tili mbwee pa kapinga. Agogo a khomo linalo anandibweretsera chitseko chokha, atachipinda bwinobwino ngati chitenje. Manyazi ake!

Imene ndili nayo pano ndi ya mafiti 6 kwa 8, ya aluminiyamu, yomangidwa ndi mabawuti pa masilabu a simenti. Magalasi ake ndi olimbitsidwa (toughened), ogwiridwa ndi bar capping, timizere topanikiza galasi m'mbali mwake kuyambira pamwamba mpaka pansi. Timawaya togwirira magalasi tooneka ngati W ayi, timagwira apa ndi apo basi. M'malo mwa galasi ambiri amakonda pulasitiki yolimba ya polycarbonate ya 4mm poti siisweka. Zoona siisweka, koma imapindika n'kusolomoka. Ikangochoka imodzi, mphepo yalowa, ndipo imakankha denga kuchokera mkati. Amene munaonapo malata akusasuka kumudzi mukudziwa zimene ndikunena.

N'chifukwa chake chitseko chisayang'ane kum'mwera chakumadzulo, kumene mphepo yambiri ya kuno imachokera. Akalengeza za namondwe, tsekani chitseko ndi kawindo ka padenga, mumange ndi waya. Mpanda wotchinga ukhale wa mipata kapena wa zitsamba. Khoma lotsekeratu limangodumphitsa mphepo, imakagwera mbali inayo ikuzungulira.

Ndikanakhala ndi ndalama komanso malo, bwenzi nditagula Polycrub, greenhouse ya ku Shetland imene amaipanga ndi mapaipi akale a m'mafamu a nsomba za salmon. Anthu a kumeneko mphepo amaidziwa. Koma kadimba kanga n'kakang'ono, thumba nalonso chimodzimodzi.

Wina anandiuza kuti ndalama zonsezi bola kungogula tomato m'shopu. Tomato inde. Nanga nkhwani wotendera ndikamugula shopu iti ku Glasgow kuno?