Kaseti ija sinali yoopsezera mbalame

Ndikulemba izi mtima ukuwawa, ndipo amene aone ngati ndikukokomeza andikhululukire. Loweruka lapitali ndinapita kudimba kwathu cha ku Santhe, ndipo ndili chapatali ndinaona kanthu kakunyezimira pamwamba pa mabedi a masamba. Nditafika pafupi ndinapeza kuti mphwanga wasolola ulusi wa kaseti n'kuumanga pa timitengo kuti mbalame ziziopa, chigoba chake chili pansi m'matope, kapepala kolembedwa ndi dzanja langa kadakali pomwepo. Imeneyo inali kaseti ya C90, ya mphindi 90, imene ndinajambulapo ndekha bandi ya anyamata a pa boma pa Kasungu, usiku wina wa m'nyengo yogulitsa fodya chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Nditamufunsa anandiyankha mosatekeseka kuti, "Amalume, wailesi yoikamo zimenezi mukadali nayo kodi?"

Kaseti imeneyo inali imodzi yokha padziko lonse lapansi. Palibe ina. Anyamata aja sanalowepo mu situdiyo, chifukwa masiku amenewo nyumba youlutsira mawu inali imodzi, ya MBC, ndipo kuti ukajambulitse unayenera kupita ku Chichiri ku Blantyre, mtunda wa makilomita oposa 400, pamene wailesi ya kanema inadzabwera mu 1999 bandiyo itatha kale. Mayina a magulu monga Kalimba, Makasu ndi Alleluya Band ya ku Balaka anthu akuwatchulabe chifukwa nyimbo zawo zinamveka pa wailesi, koma anyamata athu umboni woti anakhalako unali pa ulusi umene lero ukuuluzika ndi mphepo pamwamba pa repu ndi mpiru.

Ankaimba rock, ndipo ankaiimba mopanda mantha. Gitala ya lidi inkalira mokalipa chifukwa ampulifaya yake inali yotopa, ndipo phokoso losasa lija ndi limene ife tinkalikonda. Usiku umenewo ndinaika wailesi yanga ya kaseti pa kireti ya mabotolo pafupi ndi sipika, nditagula mabatire atsopano ndi ndalama ya fodya, ndipo inagwira zonse: kuguguda kwa jenereta kuseri kwa holo, woimba ng'oma akuwerenga ndi timitengo take nyimbo isanayambe, matenanti a m'maesiteti akukuwa kuti abwereze, ndi mayi wina amene nthungululu yake inaphimba mawu a woimba. Pakati pa mbali yachiwiri waya wa gitala unaduka, ndipo wa besi anangopitiriza yekha mpaka mnzake atamanga wina, anthu osasiya kuvina. Zinthu zoterezi simungazipeze pa chimbale cha mu situdiyo, ndipo simungazijambulenso chifukwa oimbawo ena anamwalira, ena anabalalika.

Ndakhala ndikuisunga kasetiyo m'tiranki zaka zoposa makumi atatu, ikapota ndikuizunguliza ndi cholembera, ikaduka ndikuilumikiza ndi selotepi. Mlandu wanga ndi wakuti sindinaisamutsire pa kompyuta nthawi ilipo, ndavomera. Komabe sindingavomere kuti chinthu chosungidwa mosamala choncho munthu achione ngati chinyalala chifukwa chakuti iye sadziwa chimene chili m'kati. Akanafunsa ndikanamupatsa makaseti ena, amene ali mbwee m'nyumba muno. Iye anasankha imene inalibe inzake. Akuluakulu anati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa, ndipo changachi chaphwa ndikuona, dzuwa likuswa mtengo.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti si mphwanga yekha. M'matiranki ndi m'makatoni a m'nyumba zambiri kuyambira ku Nkhamenya mpaka ku Chamama muli makaseti otere, ojambulidwa pa zisangalalo ndi m'maholo, ndipo akuonongeka ndi chinyezi ndi mphemvu popanda wowafunsa. Pitani pa malo oikitsa nyimbo m'mamemori khadi pa msika wa pa boma, mufunse nyimbo ya bandi yakale ya kuno kwathu, mnyamatayo akuyang'anani ngati mwayankhula chilankhulo chachilendo, kenako akuloza nyimbo za ku Nigeria ndi amapiano. Ndiye palinso oimba a masiku ano amene amalipiritsa pakhomo ponena kuti ndi zoimbaimba zamoto, ukalowa n'kupeza laputopu pa tebulo ndi mnyamata mmodzi akuyendetsa milomo pa maikolofoni, popanda gitala ngakhale imodzi pa nsanja.