Amatifunsa m'Chichewa, mayankho n'kukatuluka m'Chingerezi ku Lilongwe

Ife a ku Zomba tikukhala pakati pa ofufuza. Likulu la boma linapita ku Lilongwe mu 1975, koma National Statistical Office inatsala kuno, National Archives ili kuno, ndipo ku yunivesite kuli Centre for Social Research yomwe yakhala ikugwira ntchito kuyambira mu 1979 ndipo ndiyo imayendetsa kafukufuku wa maganizo a anthu wotchedwa Afrobarometer m'dziko muno. Amenewa ndilibe nawo mangawa. Zotsatira za kalembera wa 2018, uja anapeza kuti tilipo anthu oposa 17.5 miliyoni, aliyense wofuna atha kuzipeza. Za Afrobarometer nazo zili pa intaneti mwaulere.

Vuto langa ndi kafukufuku wa makontrakiti, uja unduna kapena bungwe limalemba ntchito ma consultant kuti akaunike mmene makhonsolo akuyendetsera chitukuko, mmene mankhwala akufikira m'zipatala, kapena chifukwa chimene mafayilo amagonera pa desiki miyezi.

Amene munagwirapo ganyu yofunsa mafunso mukudziwa mmene zimakhalira. Galimoto imakutsitsani ku Jali kapena ku Mayaka, amfumu amakupatsani munthu wokuperekezani, mumafika pakhomo, mayi amasiya mphika pamoto n'kukuyalirani mphasa. Mumatsegula tabuleti. "Kodi khansala wanu mumamudziwa? Komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC) inakumana liti komaliza? Munapemphedwapo kangachepe kuti muthandizidwe?" Ola lathunthu limatha, ndiwo zikupserera. Mayiwo amayankha mwaulemu, ena mpaka kutchula zinthu zimene sangayerekeze kunena pamsonkhano wa amfumu. Kenako mumatsanzika, ndipo nkhani ya mudziwo imathera pomwepo. Lipoti limalembedwa m'Chingerezi cholemera, limakakambidwa kuhotela ya kunyanja ndi anthu olandira ma alawansi, kenako limakalowa mu kabati.

Ena anena kuti lipotilo n'la amene analipira, achite nalo zimene akufuna. Ayi, pamenepo sindikugwirizana nawo. Ngati ndalama zake n'za msonkho, mwini lipoti ndi ife. Ngati n'za mabungwe akunja, anazipempha m'dzina lathu. Komanso lamulo la Access to Information, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, limatipatsa ufulu wopempha zikalata za boma. Koma tonse tikukumbukira za 2021, pamene gulu lotsogozedwa ndi malemu a Saulos Chilima linaunika nkhani za ma alawansi, kagulidwe ka katundu wa boma ndi makontrakiti a ntchito. Lipoti linaperekedwa kwa pulezidenti, anthu n'kumachita kulipempha kuti aliwerenge. Ngati lipoti limene dziko lonse linkadziwa linavuta chonchi kutuluka, nanga la chipatala chaching'ono cha kumudzi ndani angalione?

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti malo okambirana zotsatirazi alipo kale, sitikufunika kupanga komiti yatsopano. Kuyambira mu 1998 tili ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono ndi ndondomeko yopereka mphamvu ku anthu. Pansi pali VDC, pamwamba pake ADC, komiti ya chitukuko cha dera la mfumu yaikulu, kenako khonsolo. Makomiti amenewa anafooka kwambiri pakati pa 2005 ndi 2014 pamene dziko linakhala lopanda makhansala, ndipo mpaka pano ambiri amakumana opanda pepala lililonse m'manja. Wapampando wa ADC kwa Mwambo kapena kwa Kuntumanji amakangana ndi akuluakulu a ku boma pogwiritsa ntchito zimene akukumbukira basi, pamene manambala a dera lake lomwelo ali mu laputopu ya munthu wina ku Area 47 ku Lilongwe. Angapambane bwanji?

Palinso kuononga ndalama. Popeza lipoti la chaka chatha silikudziwika kumene lili, bungwe lina limabwera n'kulipiranso kafukufuku wa mafunso omwewo, m'midzi yomweyo. Ndiye timadabwa kuti anthu ayamba kuyankha mongothamangitsa mlendo, kapena kufunsa kaye ngati pali kandalama ka sopo. Atopa. (Ndipo anyamata ndi atsikana otuluka pa yunivesite amene amapsa ndi dzuwa kumudziko mayina awo saoneka n'komwe palipoti, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.)

Maganizo anga ndi akuti kontrakiti iliyonse ya kafukufuku wa ntchito za boma izikhala ndi ndime imodzi yosavuta: ndalama yomaliza isatuluke mpaka wofufuzayo atabwerera ku ADC ya dera limene anafunsa mafunso, n'kufotokoza zimene anapeza m'Chichewa kapena m'Chiyao, n'kusiya chidule cha masamba awiri kwa mlembi wa komiti. Kope lathunthu lipite ku khonsolo, lina ku National Archives. Mtengo wake ndi mafuta a tsiku limodzi ndi fotokope, sungafike ngakhale pa bilu ya chakudya cha masana cha msonkhano wa kunyanja uja.

Makhansala athu a mumzinda ndi a ku khonsolo ya boma la Zomba, ofufuza akamabwera kudzapempha kalata yolowera m'midzi, afunseni tsiku lobwerera musanadinde chidindo.