Tsidya lino zaka 4, tsidya lija chaka chimodzi: mlandu wa ma steroid pa mpira wa m'mayunivesite

Ndikaima m'mphepete mwa mtsinje kuno ku Windsor ndimaona nyumba zitalizitali za ku Detroit tsidya linalo, pafupi moti wodziwa kupalasa bwato angafikeko asanatuluke thukuta. Kuno ndi ku Canada, uko ndi ku America. Anyamata a m'mayunivesite a mbali zonse ziwiri amasewera mpira wofanana, uja wosongoka uku ndi uku, wovala zisoti ndi zotchinga mapewa, womwe anthu amagundana ngati nkhosa zamphongo. Kuno timu imalowetsa anthu 12, uko 11, ndipo bwalo la kuno ndi lalitali pang'ono. Zimenezo ndi zazing'ono. Chachikulu ndi ichi: mnyamata wa kuno ndi wa uko atamwa mankhwala amodzimodzi owonjezera mphamvu, aja otchedwa ma steroid, n'kugwidwa tsiku limodzi, wa uko angakhale panja chaka chimodzi, pomwe wa kuno angalire zaka 4, dzina lake lili poyera pa intaneti.

Nkhaniyi inandipeza pa tebulo la kukhitchini kwa mnzanga wina. Mwana wake amasewera pa yunivesite ina ya kuno ku Ontario, pa mzere wa kutsogolo, kumene kumaikidwa zimphona zotchinga. Analowa sukulu ali ndi makilogalamu 105, makochi n'kumuuza kuti pa malo amenewo afunika kuwonjezera thupi kwambiri. Tsiku lomwe ndinapitako panali chigubu chakuda cha ufa wa mapuloteni, chachikulu ngati ndowa yaing'ono, mayi ake atachiyang'anitsitsa ngati muli njoka.

"Achimwene, tamufunsani mwana wanuyu. Ufa umenewu si womwe akugwidwa nawo anzake?"

Mnyamatayo anaseka, n'kutembenuza chigubucho kundionetsa kachidindo ka NSF kosonyeza kuti ufawo unayezedwa. "Ankolo, chopanda kachidindo aka sindigula. Akandipeza ndi kanthu, safunsa kuti ndimadziwa kapena ayi. Zili m'thupi mwanga, mlandu ndi wanga."

Ananena zoona, ndipo lamulo limenelo ndi limodzi mbali zonse ziwiri za mtsinje. Zosiyana zimayambira pa funso loti akuyezayo ndi ndani.

Ku America, bungwe la NCAA lomwe limayendetsa masewera a m'makoleji linayamba kuyeza osewera mu 1986, poyamba pa masewera a zikho okha. Nsomba yaikulu yoyamba kukodwa inali Brian Bosworth wa Oklahoma, yemwe analetsedwa kusewera Orange Bowl ya pa 1 Januwale 1987. Iye anabwerabe pabwalo, n'kuima pambali atavala malaya olembedwa mawu onyoza NCAA kuti ndi gulu la makomyunisiti odana ndi osewera. Mu 1990 anayamba kuyeza chaka chonse, poona kuti munthu wanzeru zake amabaya jakisoni nthawi yopuma, mankhwala n'kutha m'thupi chikho chisanafike. Zaka zimenezo zinali zoipa ndithu. Tony Mandarich wa Michigan State, yemwe timu ya akatswiri ya Green Bay Packers inamusankha wachiwiri pa osewera onse mu 1989, anadzavomera yekha mu 2008 kuti ali ku koleji ankagwiritsa ntchito ma steroid, ndipo sanagwidwepo.

Lero NCAA imalemba ganyu kampani ya Drug Free Sport ya ku Kansas City kuti izitolera mikodzo. Koma mndandanda wa mankhwala oletsedwa amalemba ndi a NCAA, chilango amaika ndi a NCAA, apilo amamva ndi a NCAA omwewo. Mbuzi ndi yawo, mpeni ndi wawo, bwalo la milandu ndi lawonso. Bungweli silinasaine nawo malamulo a WADA, bungwe la dziko lonse lolimbana ndi mankhwala oletsedwa pa masewera, malamulo omwe amatsatidwa pa Olimpiki ndi pa masewera ambiri a dziko lonse. Wogwidwa koyamba amakhala panja masiku 365 n'kutaya sizoni imodzi. Akagwidwa kachiwiri ndiye kwatha. NCAA silengeza maina. Sukulu zambiri zimabisala kuseri kwa lamulo la 1974 loteteza zinsinsi za ophunzira, ndiye mumangomva kuti uje sasewera chifukwa waphwanya malamulo a timu. Malamulo ake ati? Ziii. Pamwamba pa izo sukulu iliyonse ili ndi ufulu woyezanso ana ake mwa njira yakeyake, ndi zilango zakezake, moti cholakwa chimodzi chimalipidwa mosiyana malinga ndi komwe mwana akuphunzira.

Chaka chimodzi sichipha munthu. Will Grier anaimitsidwa mu Okutobala 2015 timu yake ya Florida itapambana masewera 6 osagonja. Iye anati anamwa zogula m'sitolo osafunsa madokotala a timu. Anasamukira ku West Virginia, n'kuwala kumeneko, mu 2019 n'kutengedwa ndi Carolina Panthers. Mu Disembala 2018 osewera atatu a Clemson anapezeka ndi mankhwala oletsedwa a ostarine patatsala masiku ochepa kuti akumane ndi Notre Dame. Mmodzi wa iwo, Dexter Lawrence, anakana kuti sanamwe dala, koma anaonerera anzake ali pambali pomwe ankakwapula Alabama 44-16 n'kutenga chikho. Pofika Epulo 2019 New York Giants inamusankha pa nambala 17, ndalama n'kuyamba kulowa. Timu ya Clemson sinalandidwe kanthu.

Canada inafika pomwe ili chifukwa cha manyazi. Mu 1988 ku Seoul, Ben Johnson anathamanga mamita 100 m'masekondi 9.79, dziko lonse n'kuvina, patangopita masiku atatu mendulo n'kulandidwa chifukwa cha stanozolol. Boma linakhazikitsa kafukufuku wotsogozedwa ndi woweruza Charles Dubin, anthu n'kuulula zonyansa zambiri pa wailesi ya kanema, ndipo m'phulusa limenelo munatuluka bungwe loyeza loima palokha, lomwe kuyambira 1995 linadziwika kuti CCES. Likulu la WADA nalonso lili ku Montreal. Ndiye matimu 27 a mpira wa m'mayunivesite a kuno, omwe ali pansi pa U Sports, amayezedwa ndi anthu omwe sadya nawo za pageti, potsatira malamulo omwewo a wothamanga wa Olimpiki.

Mwana wa mnzanga uja anandifotokozera momwe zinamuchitikira. Anali atangomaliza kunyamula zitsulo m'mawa, munthu wachilendo n'kumutchula dzina, n'kumuonetsa chiphaso. Kuchokera pamenepo mlendoyo sanachoke pambali pake, ngakhale pokatenga jekete. Mkodzo unakana kubwera, poti anali atatuluka thukuta, ndiye anakhala pa benchi ola lathunthu akumwa madzi a m'botolo lomata, mlendo uja ali phee pambali. Kuchimbudzi, malaya m'mwamba mpaka pachifuwa, kabudula pansi mpaka m'mawondo, munthu akuyang'ana. Pamafunika mamililita 90. Anathira yekha m'mabotolo awiri, A ndi B, n'kutseka zivindikiro zomwe zikatsekeka sizitsegukanso ndi manja. Ku America nakonso woyeza amayang'anira chomwecho, manyazi ake ndi amodzi. Koma botolo la kuno likapezeka ndi steroid, kuyambira 2015 chilango chake ndi zaka 4 ngati walephera kuonetsa kuti sunachite dala, ndipo chikalata chimatuluka chokhala ndi dzina lako, sukulu yako ndi dzina la mankhwalawo. Wophunzira wa kuno amaloledwa kusewera zaka 5 zokha. Muwerengere nokha chomwe chatsala.

Nkhani yomwe anthu a mpira kuno saiwala ndi ya Waterloo, mtunda wa maola atatu pa galimoto kuchoka pano. Kumayambiriro kwa 2010 apolisi anagwira wosewera mmodzi wa timu ya yunivesiteyo atam'peza ndi ma steroid ochuluka, oposa omwe munthu angamwe yekha. Akuluakulu a sukulu anachita chinthu chomwe sindinamvepo sukulu ya tsidya lija itachita: anaitana a CCES kuti ayeze timu yonse. Pa 31 Malichi anyamata 62 anapereka mikodzo, ena ndi magazi omwe. Milandu inatuluka 9. Ena anavomera okha, ena botolo linawaulula, wina anakana kuyezedwa, zomwe pa lamulo ndi chimodzimodzi kugwidwa. Mmodzi anapezeka ndi hGH, mankhwala okulitsa thupi omwe amagwidwa m'magazi, ndipo anakhala woyamba ku North America konse kulangidwa chifukwa cha mankhwala amenewo. Mu Juni sukulu inalengeza kuti timu yonse sisewera sizoni ya 2010.

Apa ndi pomwe mtima wanga umagawikana. Paja amati nsomba ikaola imodzi zonse zaola, koma anyamata oposa 50 anayezedwa n'kupezeka oyera, umboni uli papepala, ndipo ndi omwewo analandidwa sizoni. Ena anali m'chaka chawo chomaliza. Analoledwa kusamukira kwina osadikira, ndipo angapo anangoyenda pang'ono mumsewu womwewo kukalowa ku Wilfrid Laurier, adani awo a pakhomo. Timu itabwerera mu 2011 inagonja masewera onse 8, n'kukhala zaka zingapo ikukwawa. Sukulu inatsuka dzina lake, inde, koma sopo wake anali ana osalakwa. Komabe ndikamaganiza za sukulu ya tsidya lija yomwe bwalo lake, ngati la Michigan ku Ann Arbor, limadzaza anthu oposa 107,000 Loweruka lililonse la masewera, ndimadzifunsa kuti ndi mkulu uti angayerekeze kuitana oyeza kuti ayeze ana onse tsiku limodzi, n'kutseka geti chaka chathunthu. Waterloo inatha kutero mwina chifukwa inalibe zambiri zotaya. Chilungamo chimapepuka pomwe palibe ndalama.

Ndipo musaganize kuti kuno zonse zili bwino. Kuyeza n'kodula, ndipo thumba la oyeza a kuno limayang'ana kwambiri othamanga a Olimpiki. Mnyamata angathe kusewera zaka zake zonse osaonapo botolo. Za ku Waterloo sanazitulukire ndi oyeza, anazitulukira ndi apolisi. Chikwapu chachikulu chomwe chimagwa mwa apo ndi apo chimaopseza amantha okha; wolimba mtima amangowerengera mwayi.

Panalinso chibowo china chochititsa manyazi. Mu 2015 osewera 5 a m'mayunivesite anagwidwa pa mayeso omwe ligi ya akatswiri ya CFL imachititsa isanasankhe osewera atsopano. Ku yunivesite analetsedwa zaka, koma ena mwa iwo matimu a CFL anawatengabe, poti lamulo la ligiyo nthawi imeneyo silinkaimitsa munthu wogwidwa koyamba. Labu ya ku Montreal inakwiya n'kukana kuyezanso mikodzo ya CFL, ndipo ligi inatha sizoni imeneyo osayeza. Mu 2016 anakonza: wogwidwa koyamba amaphonya masewera awiri, ndipo wophunzira wogwidwa amadikira chaka asanasankhidwe. Masewera awiri kwa wolandira malipiro, zaka 4 kwa mwana wa sukulu. Dziko lomwelo.

Pa chamba pokha ndi pomwe anansiwa anamvana. Canada inaloleza chamba mu 2018, mu 2020 n'kusiya kuchiyeza mwa ophunzira osewera za m'mayunivesite zokha, ndipo NCAA inachichotsa pa mndandanda wa matimu ake akuluakulu mu 2024.

Chomwe chikundidetsa nkhawa tsidya lija ndi ndalama zomwe zalowa. Kuyambira Julayi 2021 osewera a m'makoleji amaloledwa kupanga ndalama ndi maina awo, ndipo mu Juni 2025 khoti linavomereza kuti sukulu izigawira osewera ake mpaka madola pafupifupi 20.5 miliyoni m'chaka choyamba. Mnyamata wa zaka 19 yemwe akuona kuti makilogalamu 10 a minofu ndi omwe akumulekanitsa ndi ndalama zogulira mayi ake nyumba, chaka chimodzi cha panja angachione ngati mtengo wotheka kulipira. Kuno wosewera sapatsidwa zoposa fizi ya sukulu. Nyambo yakula kumene mbedza yake ndi yaing'ono. Chodabwitsa n'chakuti America yomweyo mu 2020 inakhazikitsa lamulo lotchedwa Rodchenkov, lopatsa makhoti ake mphamvu yozenga milandu anthu a mayiko ena okonza chinyengo cha mankhwala pa mipikisano ya mayiko, koma lamulolo silikhudza makoleji ake kapena maligi ake akuluakulu. A WADA akhala akuloza chala pamenepo, ndipo pa mfundo imeneyi ine ndili nawo.

Mutandikakamiza kusankha, nditenga woyeza wa kuno, yemwe salipidwa ndi mwini timu ndipo sabisa zomwe wapeza. Zaka 4 ndingazisiyire ogulitsa ndi obaya dala. Mwana wopusitsidwa ndi chigubu cha m'sitolo chaka chimodzi cha tsidya lija chimukwanira. Zotseka timu yonse ayi.

Mwana wa mnzanga uja tsopano ali ndi makilogalamu 124, ndipo kochi akufunabe ena. Zotsatira za botolo lake sanazimve, poti kuno ukakhala woyera nthawi zambiri sakuimbira foni. Mayi ake anasiya kulimbana ndi chigubu chija, koma anagula poto wamkulu, ndipo akuti ufa wa nsima womwe unkatha mwezi tsopano sukufika sabata zitatu.