Anyamata a ku Minnesota ku America, chokani m'mbali mwa bango

Ana anga, ndaona zithunzi zanu pa Facebook ndipo usiku wonse sindinaone tulo. Anthu anayi mwaunjikana malo amodzi pakanyanja koundana, chapafupi ndi bango, mbedza kudzanja ili, botolo kudzanja linalo, chonsecho Disembala wangoyamba kumene. Anakuuzani ndani kuti ayezi ameneyo wakhwima? Alipo mwa inu amene anaboola n'kuyeza?

Chimene chinakukokerani kumeneko ndikuchidziwa. Inenso ndinakulira ku Chilwa, kumene mwana aliyense amadziwa kuti mlamba ndi makumba zimabisala m'zomera. Kunonso nsomba za pike ndi bluegill zimakonda malo oterowo. Koma nzeru ya ku Kachulu imeneyi kuno ikuphani. Pamene pali bango ayezi amakhala wopyapyala, chifukwa mapesi aja amakoka kutentha kwa dzuwa n'kumasungunula mowazungulira. N'chimodzimodzinso polowera kamtsinje kapena pamene pansi pali kasupe. Pamwamba pamaoneka bwinobwino, koma pansi madzi akudya.

A DNR, oyang'anira zachilengedwe m'boma lino, amanena poyera kuti munthu woyenda pansi asaponde ayezi wosakwana mainchesi 4, ndipo akhale watsopano, woonekera ngati galasi. Woyera uja, wosakanikirana ndi chipale, mphamvu yake ndi theka chabe, ndiye muyezo uwirikize kawiri. Ndipo kuyeza kamodzi pagombe sikokwanira, muziboolanso mukayenda mapazi 150 alionse. Safunsa anadya phula, inu mukufuna mudye chiyani?

Musandiuze kuti mumatha kusambira. Madzi amenewa si a ku Senga Bay. Ukangogweramo mpweya umabanika, umameza madzi usanaganize n'komwe, ndipo pakatha mphindi ngati 10 manja amakana kugwira. Opanda jekete yoyandamitsa, opanda zisonga zokoweka m'khosi zodzikokera nazo kunja, opanda chingwe, mutuluka bwanji? Zikakugwerani, tembenukirani kumene munachokera, chifukwa ayezi wakumeneko ndi amene anakunyamulani. Mukatuluka musaimirire, gubuduzikani mpaka patali.

Tenti yanu ijanso ndaiona, mwaitseka ponseponse mbaula ya gasi ikuyaka mkati. Mpweya wake woipa sununkha, umangogonetsa munthu mpaka kalekale. Tsegulani polowera mphepo.

Ine ndasonkhako ndalama zotumizira maliro kumudzi, ndipo kuimbira foni mayi wa munthu ku Zomba usiku sindikufunanso. Loweruka lino musapite. Bwerani kwathu, choboolera ndi tepi ndili nazo, tikayeze limodzi.