Lonjezo la ku Lausanne lidathera papepala

Mu 1974, mlaliki Billy Graham adaitanitsa msonkhano waukulu wa atsogoleri a mipingo mumzinda wa Lausanne ku Switzerland, ndipo kudafika nthumwi zochokera m'maiko oposa 150. Kumeneko René Padilla, mphunzitsi wa Mawu a Mulungu wobadwira ku Ecuador, adawauza pamaso abale ake a ku America kuti Uthenga Wabwino adausakaniza ndi chikhalidwe chawo, mpaka kumayesa ntchito ya Mulungu potengera kuchuluka kwa anthu ndi chuma. Pangano la msonkhanowo, lomwe John Stott wa ku England adatsogolera polilemba, lidati Akhristu opeza bwino akuvomera udindo wokhala moyo wosalira zambiri kuti azitha kupereka mowolowa manja.

Maganizo anga ndi akuti lonjezo limeneli silidasungidwe. Mu 2015 mlaliki wa ku America Creflo Dollar adapempha omutsatira kuti asonkhe madola 65 miliyoni ogulira ndege, ndipo mu 2018 mlaliki mnzake wa komweko Jesse Duplantis naye adafuna ya madola 54 miliyoni. Komabe awa ndi osavuta kuwaloza chala, ngakhale akunja amawadzudzula.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi mpingo wooneka waulemu, womwe m'busa wake satchula za ndege, koma Mkhristu adasanduka kasitomala. Munthu amasankha tchalitchi potengera kukoma kwa nyimbo, kufewa kwa mipando ndi malo oimika galimoto, ndipo akangokhumudwa pang'ono amasamukira kwina. M'busa amene akudziwa zimenezi sangawerenge Luka 14:33 popanda kuifewetsa, pomwe vesilo likunena mosapita m'mbali kuti wosasiya zonse ali nazo sangakhale wophunzira wa Yesu. Pa Marko 10 timawerenga kuti munthu wachuma uja, atauzidwa kuti agulitse zonse ali nazo n'kupatsa osauka, adachoka ali wachisoni, ndipo Yesu, ngakhale adamukonda, sadamuthamangire kuti akachepetse zimene adamuuza.

Sindikunena kuti umphawi ndi chiyero, pakuti amene adagonapo ndi njala amadziwa kuti mulibe ulemerero m'menemo. Ndikunena kuti kutsata Khristu kuyenera kuoneka pa kagwiritsidwe ntchito ka ndalama, pa kukula kwa nyumba imene banja likumanga ndiponso pa anthu amene limadya nawo.

Nkhaniyi imatikhudza ifenso chifukwa maulaliki a ku America amalowa m'nyumba zathu kudzera pa wailesi yakanema ndi pa YouTube, ndipo alaliki ena akwathu amatengera zonse, mpaka kuuza mayi wamasiye kuti afese mbewu popereka kutchalitchi ndalama imene amati agulire feteleza.