Abale, tisiye kupopera mankhwala m'mawa

Mvula yausikuyi yagwa mpaka ngalande yakuseri kwa nyumba kusefukira. Kutacha ndatuluka ndi kapu ya tiyi kukaona kadimba kanga. Mapiko a ngumbi ali mbwee pakhonde pansi pa babu, nkhuku zikungotolera zotsalira. Bongololo akukwera khoma mosapupuluma, nkhono zatuluka, nyongolotsi zili pamtunda. Januwale ndi wotere kuno ku Zomba.

Koma pomwe ndaima nthawi yaitali ndi pa maungu. Maluwa achikasu atseguka, ndipo m'duwa limodzi ndapezamo njuchi zitatu zikukankhana, zitadzola ufa wachikasu thupi lonse ngati ana ochokera kuchigayo. Maluwa a dzungu ali mitundu iwiri. Laling'ono tsinde lopanda kanthu ndi lalimuna, lija timathyola chiluwe. Lalikazi limakhala ndi kadzungu kunsi kwake. Njuchi ikapanda kutenga ufa kuchoka ku lalimuna kupita ku lalikazi, kadzungu kaja kamafota n'kuthothoka. Ndipo duwalo limatseguka m'mawa umodzi wokha, pofika masana lafota.

Ine izi ndinaziphunzira ndi misozi. Chaka chatha nsabwe zinagwira mpiru wanga, ndinagula kabotolo pa shopu ina, n'kupopera dimba lonse cha m'ma 7 koloko, maluwa ali yasa. Nsabwe zinafadi. Njuchinso ndinazipeza zili gada m'maluwamo. Nkhwani tinadya wambiri, koma maungu ndinakolola owerengeka, ndipo ndinkanamizira mbewu.

N'chifukwa chake zimandiwawa ndikaona munthu wabereka sipuleya dzuwa likungotuluka, kupopera chilichonse choyenda. Ena akaona nanzikambe pa mtengo wa gwafa amathamangira ndodo, akuti ngwamalodza. Malodza ake ati? Amakudyerani ziwala ndi ntchentche osakulipiritsani. Chiswamphika chimodzimodzi. Achule omwe akutisowetsa tulo usiku aja nawonso ali pa ganyu yomweyo. Nkhono zokha ndiye sindiziikira kumbuyo, zinandimalizira nazale ya tomato, ndimazitola ndi manja n'kukataya kutali.

Sindikuti mankhwala tisiyiretu, mbozi zikalowa mu chimanga munthu sungangoyang'ana. Koma poperani chokhacho chagwidwacho, madzulo, njuchi zitapita, ndipo pa maluwa musafikepo.

Amayi a pa neba abwera posachedwapa kudzapempha chiluwe chotendera. Ndawauza kuti akhale kaye pakhonde timwe tiyi, akathyole dzuwa likakwera, njuchi zikamaliza.