Linki si kasitomala

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Dzulo madzulo ndinapita kwa achemwali anga ku Chinamwali. Ndinawapeza pakhonde foni ili m'manja, akutsegula malinki 15 imodziimodzi ngati kholo lofufuza dzina la mwana pa zotsatira za MANEB. M'nyumba mabotolo a uchi ali ndandanda pashelefu monga ndinawasiyira mwezi watha. Papita masabata asanu chilipirireni K180,000 kwa mnyamata wina amene anawalonjeza kuti awalembera nkhani yotsatsa uchi wawo, n'kuifalitsa "pa intaneti ponse". Masabata asanu athunthu, palibe munthu ngakhale mmodzi amene waimba foni kunena kuti wawerenga nkhaniyo. Ngakhale wongofunsa mtengo n'kudula, ayi ndithu.

Dzina lake sinditchula. Sikuti ndamumvera chisoni, koma ndi ambiri, ndipo mukangomva kalankhulidwe kake mumuzindikira nokha, mwina ali kale mu inbox yanu.

Achemwali anga uchi umenewu sautola pansi. Amakwera minibasi kupita cha ku Domasi ndi ku Malosa, kumakayenda wapansi m'midzi kwa alimi a njuchi, kugula uchi m'zigubu, kubwera nawo pa kabaza, kusefa usiku ndi nsalu yoyera, kutsuka mabotolo, kumata mapepala. Ndalama zimene anapereka kwa mnyamatayo anakongola ku banki mkhonde, ndipo aliyense amene analowapo banki mkhonde akudziwa kuti chiwongoladzanja sichidikira kuti malonda ayende. Tsiku lokumana likafika, amayi anzako amakhala pamphasa kukuyang'ana m'maso.

Mnyamatayo anabwera waulemu wake, laputopu ili m'chikwama. "Mayi, masiku ano malonda ndi pa intaneti. Nkhani yanu ikatuluka pa masamba 15, a ku Lilongwe, a ku Blantyre, ngakhale a ku Joni azikuimbirani okha. Inuyo muzingolongedza." Achemwali anamufunsa kuti, "Achimwene, zoonadi anthu aziwerenga?" Iye n'kuwaonetsa zithunzi za manambala akuluakulu pa laputopu paja. Ndalama zinapita pa Airtel Money tsiku lomwelo.

Ndiye dzulo ndinatenga foni ija n'kutsegula ndekha. Nkhani ndi imodzi yomweyo pa masamba onse amene ndinaipeza, liwu ndi liwu, mpaka pamene analakwitsa kulemba dzina la Chinamwali analakwitsa ponseponse. Masamba ake ndi oti chibadwire sindinawamvepo, ndipo ndikukayika ngati pali munthu wa ku Matawale, ku Sadzi kapena ku Chikanda amene anawatsegulapo mwadala. Pamwamba pa nkhani ya uchi pali nkhani ya mankhwala ochepetsa mimba, pansi pake pali ya nyumba zogulitsa ku Dubai. Yalembedwa m'Chingerezi chokhachokha, chija chotupa chimene munthu amawerenga ndime yonse osadziwa kuti akugulitsa chiyani. Ndime yoyamba ikuti Zomba ndi likulu la dziko la Malawi. Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975! Munthu wokhala mu Zomba momwe muno, wodutsa pa Gymkhana tsiku ndi tsiku, sanawerenge n'komwe zimene anatumiza. Chithunzi si cha botolo la achemwali, ndi cha uchi wa kunja wokhala ndi kamtengo kovundulira kamene m'nyumba mwathu simunalowepo. Nambala ya foni ili pansi penipeni, ndipo pa masamba ena anaidula.

Chimene chandiwiritsa magazi kwenikweni ndi yankho lake. Achemwali atamuimbira, anati, "Mayi, ine ntchito yanga ndagwira. Tinagwirizana kuti nkhani ituluka, ndipo yatuluka. Malinki si amenewo ndakutumizirani?"

Yatuluka kuti? Yatuluka pamaso pa ndani?

Nkhani yoikidwa pamalo pamene palibe munthu wodutsa sinatuluke. Yangosamuka kuchoka mu laputopu yako kupita m'dzenje lina. Ndikatenga chikwangwani cha uchi n'kukachiponya m'dzenje lakuya la Chingwe's Hole pamwamba pa phiri la Zomba, ndibwere ndidzanene kuti ndatsatsa malonda? Ndikakwera ku Emperor's View pakati pa usiku n'kumakuwa mtengo wa botolo kwa nkhungu ndi mitengo ya paini, ndiyenera kulipidwa? Pitani mumsika waukulu wa Zomba muone. Mayi wa tomato sakhala kuseri kwa chimbudzi, amalimbirana malo apanjira. Anyamata a mabulosi ndi masitiroberi pamsewu wokwera ku Ku Chawe amaima pokhota pamene galimoto imachepetsa liwiro, chifukwa akudziwa kuti malonda ndi maso a munthu. Ambiri a iwo sanaphunzire zamalonda m'kalasi, koma chinthu ichi akuchidziwa kuposa iwe wa laputopu.

Linki si kasitomala. Linki sigula uchi. Malinki 15 opanda owerenga ndi chimodzimodzi ndi kusakhala ndi linki, kungoti apa K180,000 yapita.

Ndipo musatiyese ogona, ena a ife tikudziwa mmene zinthu izi zimayendera. Pali masamba ambirimbiri amene anatsegulidwa osati kuti anthu aziwerenga, koma kuti azilandira nkhani ya aliyense wolipira kangachepe, ena mwaulere kumene. Alibe mkonzi, alibe mtolankhani, alibe owerenga. Munthu amangomata nkhani imodzi, m'mphindi zochepa yafalikira pa masamba onsewo, iye n'kusonkhanitsa malinki kukaonetsa kwa mwini ndalama. Google nayo ikapeza nkhani yofanana m'malo ambiri siionetsa yonse, imasankhapo imodzi, zinazo n'kuzikankhira kumbuyo kumene palibe amafikako. Ndinayesa dzulo kulemba "uchi Zomba" pofufuzira, nkhani ya achemwali sinaoneke. Ndiye kufalitsa kwake kuli pati?

China, ndipo ichi mnyamatayo akuchidziwa bwino chifukwa naye ndi Mmalawi: anthu ambiri kuno amagula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook basi. Ukawatumizira linki yopita ku tsamba lina, akadina, foni imangozungulira osatsegula. Amayi a Mvano amene amagula uchi wa achemwali, aphunzitsi a ku pulayimale, anamwino, azibambo amene anasiya shuga m'tiyi, ambiri mwa iwo ndi a bandulo imeneyi. Ndiye wawalembera nkhani m'chilankhulo chimene sagulira zinthu, waiika pa tsamba limene sadziwa, kuseri kwa linki imene foni yawo singatsegule. Zitseko zitatu wakhoma wekha, kenako ukuti malonda wawatsegulira.

Anatumizanso chithunzi choonetsa kuti nkhaniyo ataiika pa Facebook inalandira ma like mazanamazana. Ndinalowa kuona anthu ake. Mayina oti sindingathe kuwatchula, a m'mayiko akutali, ena opanda chithunzi, ena opanda kanthu kalikonse kamene analembapo. Ndemanga yofunsa kuti "botolo ndi zingati" palibe. Wa ku Thondwe palibe, wa ku Songani palibe, wa ku Jali palibe. Ma like ogula. Pomwe Facebook yomweyo, munthu ukamalipira kuti uthenga ufike patali, imakulola kusankha kuti uonekere kwa anthu a dera liti. Akanafuna akanasankha Zomba. Sanafune, chifukwa chimene amagulitsa iye si makasitomala, ndi manambala oonetsa pa laputopu kwa mayi wotsatira.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndikudziwa ena mulemba kuti ntchito kulibe, achinyamata akutuluka ku UNIMA chaka ndi chaka opanda kolowera, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Inde. Kodi inagwera mnyamatayo yekha? Achemwali anga amagula mabotolo ndi ndalama ya dziko lina?

Ndipo inu amene mwakonzeka kale kunena kuti safunsa anadya phula, imani kaye. Anafunsa. Ndanena kale, anafunsa kuti, "Achimwene, zoonadi anthu aziwerenga?" Funso lenileni ndi limenelo, palibe lina loposa apo. Anayankhidwa bodza. Munthu amene wafunsa n'kunamizidwa musamuike m'gulu limodzi ndi wosafunsa. Mayi wazaka zopitirira 50, amene ntchito yake ndi kudziwa uchi weniweni ndi wosakaniza shuga pongouyang'ana, mukufuna adziwenso kusiyanitsa tsamba lamoyo ndi tsamba lakufa? Analipira munthu n'cholinga choti iyeyo ndiye adziwe zimenezo. Ukapita kwa telala sukhala ukumuphunzitsa kusoka. Iwo akanagulitsa botolo la manyuchi n'kulemba kuti uchi, bwenzi tauni yonse ikuwatchula wakuba. Koma wogulitsa malinki akufa tikumutchula katswiri.

Sindikunena kuti kulipira nkhani yotsatsa malonda n'kulakwa. Kulipira kulibe vuto. Pali achinyamata mu Zomba momwe muno amene amagwira ntchito imeneyi mokhulupirika: amabwera, kujambula katundu wako weniweni, kukufunsa kuti amagula ndi ndani, kulemba mawu ochepa omveka, mtengo ndi nambala pamwamba, n'kuika pamene anthu ako ali. Amenewo alipidwe, ndipo alipidwe bwino. Koma muyeso wake ukhale umodzi: kodi anthu oti angagule aiona? Osati yaikidwa pa masamba angati. Tsamba limodzi lowerengedwa ndi anthu a mu Zomba liposa masamba 15 owerengedwa ndi mphepo. Ndalama imeneyo akanapita nayo ku YONECO FM kapena ku Chanco Community Radio, uthenga ukanamveka m'Chichewa m'makhitchini, m'magolosale ndi m'mafoni a akabaza. Ngakhale status ya WhatsApp ya mwana wawo wamkazi, yaulere, inagulitsapo mabotolo anayi tsiku limodzi. Yaulere inagulitsa anayi, ya K180,000 sinagulitse ngakhale supuni.

Ndibwerezenso, poti ena mumamva pa kachitatu. Kuika nkhani pa intaneti ndi kosavuta, mwana wa Fomu 1 akhoza kuchita. Chovuta, chimene munthu amalipirira, ndi kuifikitsa kwa wogula. Ukalandira ndalama ya chovutacho n'kuchita chosavutacho, waba. Kaya wavala tayi, kaya uli ndi risiti yokhala ndi chidindo, kaya umalankhula Chingerezi cha pamphuno, waba basi. Ndipo waba kwa munthu amene sangakutengere kukhoti, chifukwa ukudziwa kuti pa pepala munalembadi kuti "nkhani ituluka". Unasankha mawu amenewo mwadala.

Inu eni malonda ang'onoang'ono, a makeke, a malo ogona alendo, a mpunga ndi matemba a ku Chilwa, akakubwererani muwauze akuonetseni tsambalo pa foni yanu, osati pa laputopu yawo. Mufunse mnansi wanu ngati analimvapo. Muwauze akupatseni nambala ya munthu mmodzi wa mu Zomba amene anamulembera ndipo anagulitsa. Akayamba kuzungulira, mwadziwa.

Ndipo poti ndayamba, ndinene ndi ichi. Masamba ena amene ali ndi owerenga enieni nawonso akutionjeza. Umatsegula nkhani yooneka ngati yofufuzidwa ndi mtolankhani, mutu wake waukulu, ukuwerenga mpaka pakati n'kuzindikira kuti ndi malonda a munthu, walipira. Palibe polembedwa kuti iyi ndi nkhani yolipiridwa. M'nyuzipepala ya pepala malonda amaoneka kuti ndi malonda, ali m'bokosi lake. Pa intaneti asakaniza zonse m'poto mmodzi, lero kampani yakutiyakuti ndi yabwino kuposa onse, mawa mankhwala akutiakuti amachiza matenda khumi, ndipo agogo kumudzi akulandira zimenezo pa WhatsApp n'kumati "zalembedwa pa nyuzi". Ndani akuyang'anira zimenezi?

Nanga za juga zija? Tsamba lililonse mwa 15 aja, usanaone ngakhale liwu limodzi la uchi, kukutulukira kanema wa kubetcha mpira, ukatseka kutuluka wina, ukatseka wakutengera kwina. Bandulo ya achemwali ya sabata yonse inathera pa linki ya nambala 11, ndinachita kuwagulira ina kuti timalize kuona zinayi zotsalazo, ndipo ziwiri mwa izo zinali zitafufutidwa kale.